Dzanja Lobwereka

Ku Domwe tinakweza manja pabwalo la sukulu,
mphepo ya Juni ikuluma zala.
Sekeretariyo anawerenga kawiri, pensulo ili kukhutu:
a Kamtedza, zana ndi makumi anayi;
mayi Ortensiya sanafike ndi zana lomwe.
Langa linali m'gulu la ochepawo.
Ndinalitsitsa msanga, n'kulibisa m'kapulana.

Kenaka anati tisankhe nthumwi ziwiri
zokanena ku Tete zimene Domwe wanena.
Wina kumbuyo anafuula dzina langa,
ati Belita sanadyepo ndalama ya chigayo, apite iyeyo,
ndipo manja omwe aja anandigonjetsa
ndiwo anandinyamula.

Anyamata anavina mpaka tambala woyamba,
ati tapambana, chipani chapeza wokaimira mpando wa dziko.
Mlamu wanga Gervaziyo, wa sikelo ya mbatatesi pamsika,
anangopukusa mutu.
Tsangano mwatenga, Domwe mwatenga, Makanga mwatenga, inde,
koma Tsangano atumiza atatu, ife awiri, Makanga awiri.
Moatize yekha khumi ndi mmodzi,
ndipo kumeneko akuimba Ortensiya.
Wogula sawerenga minda, mlamu,
amawerenga matumba.

Chapa inatitsitsa kumapiri.
Pa Musakama ndinavula juzi,
pa Moatize fumbi la malasha linandilowa m'mano,
malambe ataima chilili ngati nawonso akudikira kuwerengedwa.
Mnzanga Zefaniya anagona njira yonse.
Ine ndinafungata chikwama pamiyendo
ngati muli mazira a eni.

Kunyumba ya alendo, tsidya la mlatho,
kunabwera mnyamata wa nsapato zowala
ndi envulopu yofiirira.
Mayi, tikudziwa dzanja lanu linaimira yani.
M'kachipinda kovotera mulibe Domwe,
muli inu nokha ndi cholembera.
Simukugulitsa kanthu, mukungobwerera kumtima kwanu.

Chinandipweteka n'chakuti sananame.
Chinandipwetekanso n'chakuti anatumidwa
ndi mbali imene ine ndimaikonda.
Envulopu ndinaikankha ndi chala chimodzi
mpaka inagwera pa nsapato zake.

Usiku wa ku Tete sugoneka.
Thukuta, udzudzu, Zambezi akupita osafunsa munthu.
Ndinawerenga malata a denga
ndi nkhope za pabwalo paja:
a Nasikelo, amene anayenda kuchokera kudimba ndi mwendo wotupa
kudzakweza dzanja kamodzi kokha;
Fawusitino wokhoma zidebe,
amene sindiyankhulana naye chaka chino chachitatu.
Analakwitsa, ndikutero mpaka lero.
Koma sananditume kukawakonza.

M'mawa m'holo analemba pabolodi:
wopambana afike theka ndi mmodzi.
Ndipo ngakhale pano si pothera,
otuluka muno akakumananso ndi a zigawo zina ku Maputo,
kukawerengedwanso, ngati chimanga
chochoka m'dengu kulowa m'thumba, m'thumba kulowa m'lole,
mwini munda atatsala kutali.

Katani yakuda. Pepala. Maina awiri.
Cholembera chinayamba chokha kutsetserekera kumene chimadziwa.
Ndinachigwira.
Dzanja ili ndabwereka,
lili ndi zala zana ndi makumi anayi kuchulukitsa kasanu,
ndipo chobwereka amabweza chosathyoka.
Ndinachonga Kamtedza.

Madzulo anawerenga mokweza, pepala limodzilimodzi.
Ortensiya anadutsa ndi mavoti atatu.
Holo inaphulika, Zefaniya anagwira kumutu,
ine mtima unavina pang'ono m'kati mwa bulauzi
koma manja anakhala pamiyendo.
Sindinadziwe kuti ndiombe ndi ati.

Ndi ndalama yotsala ya ulendo
ndagula mchere ndi nsomba ziwiri za chikowa.
Mawa tikwera phiri, ndivalanso juzi.
Pabwalo la sukulu akandifunsa kuti zatheka bwanji,
popeza tinapambana, popeza tinavina.
Ndikawauza kuti mawu awo anafika onse,
sindinatayeko ngakhale limodzi panjira,
kungoti kumeneko anapeza ena ochuluka.
A Nasikelo mwina akhulupirira.
Fawusitino akandiyang'ana dzanja.